Mmene Belu Anasungira Mawu Ake

Mwana wa mng'ono wanga anabadwa ndi mawu. Namwino amene anamulandira anaseka n'kunena kuti uyu sadzasochera pamsika, akadzalira dziko lonse lidzadziwa pamene ali. Mayi ake atatisiya, iye asanayambe n'komwe sukulu, ndinamutenga ine. Ndinali telala, makina anga ali pakhonde la sitolo ya eni, ndipo mwanayo anakulira m'munsi mwa makinawo. Ankatola tizidutswa ta nsalu, n'kutindanditsa pansi, n'kumatikalipira kuti tisiye phokoso. Choncho atakula n'kunena kuti akufuna uphunzitsi, palibe anadabwa.

Dzina lakuti Belu anamupatsa ndi aphunzitsi anzake. Pasukulu imene anamutumiza atamaliza kosi, belu linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, ndipo tsiku lina akuba zitsulo anachidula n'kupita nacho. M'mawa ana anali balalabalala pabwalo lonse, a Hedi akuwomba m'manja popanda wowamva. Mwana wangayo anakwera pasitepe n'kuitana kamodzi kokha. Ngakhale amene anali kuseri kwa zimbudzi anabwera akuthamanga. Kuyambira pamenepo aphunzitsi, makolo, ngakhale mwamuna amene anadzamukwatira, onse ankangoti a Belu.

Atakwatiwa ananditenga kuti ndizikhala nawo. Nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda wa sukulu, ndipo ine ndinaika makina anga pakhonde n'kumasoka mayunifolomu. Pakhonde pamenepo ndinkamumva tsiku lonse.

Amene simunalowemo m'kalasi yoyamba simungadziwe ntchito yake. Ana ankapitirira zana, atakhala pansi mothithikana, bondo la uyu pamsana pa uyo. Wina akulira kuti amulanda pensulo, wina wagona, wina wadzikodzera ndipo anzake akumuthawa. Denga linali la malata, mvula ikagwa munkangoti wowowo. Ndipo mwana wa msinkhu umenewo saphunzira ndi maso, amaphunzira ndi khutu. Chilembo cha pabolodi kwa iye n'kachithunzi chabe, kandodo kapena kamphika, mpaka mphunzitsi atachitchula. Mphunzitsi akati "ma", ana onse amayankha "maaa". Akati "me", iwo "meee". Mawu a mphunzitsi amatsogola, a ana amatsata ngati anapiye. Ndiye mawu otsogolawo ayenera kudutsa pamwamba pa kulira, mvula ndi mkangano, n'kukafika kwa mwana amene watsamira khoma la kumbuyo.

Chaka chilichonse pogawa makalasi a Hedi ankayambira pomwepo. "Kalasi yoyamba, a Belu. Alipo wotsutsa?" Aphunzitsi onse ankayang'ana pansi ngati ataya singano. Anzake ankasinthasintha, chaka chino kalasi iyi, chaka chamawa ina, koma iye anakhala momwemo zaka zoposa khumi.

Musaganize kuti ankadandaula. Panali kanthu kena kamene ankakatchula kuti kutsekuka. Mwana amatha miyezi akungobwereza za anzake osadziwa chimene akunena, ndiye tsiku lina, kawirikawiri chapakati pa chaka, amayang'ana pabolodi n'kulumikiza yekha "ma" ndi "yi", n'kutembenuka maso ali tong'o. Masiku oterowo Belu ankalowa pageti akuvina, manja ali mbuu ndi choko.

"Amayi, lero atsekuka! Ngakhale uja wa mamina uja, amayi, watsekuka!"

Mawu anayamba kusasa pang'onopang'ono. Poyamba ankasasa pofika Lachisanu, Lolemba n'kubwerera. Kenako Lolemba linkafika mawu asanabwerere. M'chipinda cha aphunzitsi aliyense anali ndi mankhwala ake. Uyu ati madzi otentha a mandimu, uyo ati uchi, wina ati maswiti oyabwa kukhosi. Koma onse anagwirizana pa chinthu chimodzi chimene aphunzitsi amauzana kuyambira kale: mawu ali ngati choko, ukamalembera paliponse chimatha. Mnzake wapamtima, amene onse ankamutchula kuti a Masamu chifukwa cha phunziro lake, ndiye anamulangiza kwambiri.

"Iwe, sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Kunyumba usamayankhule. Uzingonong'ona. Mwamuna wako wamva kale zonse zimene unganene."

Belu anali munthu woti akagwira chinthu sachisiya. Akangotuluka pageti la sukulu ankatseka mawu ngati mpopi. Kunyumba, kumsika, m'basi, konse ankanong'ona. Ndipo sikunali kunong'ona kwa anthu amiseche kuja, kofewa. Kunali kwa munthu wozolowera kumveka, kokankha, mitsempha ya m'khosi ili njo. Akafuna kuitana mwana wake wamkazi, amene nthawi imeneyo anali wa zaka zinayi, ankanong'ona mwamphamvu kuchokera kukhitchini mpaka misozi kulengeza. Anatero teremu yonse yoyamba ndi theka la yachiwiri.

Mkamwini wanga ali ndi shopu ya zipangizo za galimoto, ndipo ndi munthu wanthabwala. Poyamba ankaseka.

"Amayi, taonani malonda anandigwera. Ndinakwatira belu, lero m'nyumba muli tayala lotuluka mpweya. Fsss, fsss. Amake mwana, mwati bwanji? Mchere kapena mchenga... iyayi, bwerezani, ndiyandikire."

Koma nthabwala zinatha tsiku limene kamwana kaja kanabwera kwa ine pamakina n'kundifunsa kuti, "Agogo, amayi amayankhula mokweza kwa ana a eni okha? Ine ndinalakwa chiyani?" Bambo ake anamva ali pakhomo. Anangotuluka osamwa tiyi.

M'masiku omwewo ndi pamene uthenga wa ku koleji unafika. Belu anali atafunsira malo kangapo m'zaka za m'mbuyo, kuti akaphunzire zaka ziwiri n'kudzakhala mphunzitsi wa ku sekondale, koma sankamutenga. Chimene chinkamukankha ndinkachidziwa. Mtsikana wina amene ankagona naye chipinda chimodzi ku kosi, amene Belu ankamuthandiza kukonza maphunziro, anali atapitiriza sukulu, ndipo tsopano ankabwera pagalimoto ngati woyendera sukulu. Ankakhala pampando kumbuyo kwa kalasi ya Belu, miyendo atapiringiza, n'kumalemba. Tsiku limene iye wabwera, Belu sankadya bwino.

Tsopano malo anapezeka, koma anabwera ndi minga yake. Maphunziro ankayamba tchuthi chachiwiri chikangotha, ndiye kuti ana ake akanawasiya chaka chisanathe, ambiri asanatsekuke. Koleji inali kutali, kofunika kugonera komweko. Ndipo maphunziro amenewo anali ndi malire a zaka za kubadwa, moti chaka chotsatira Belu akanakhala atapitirira. Anaimba foni kufunsa ngati angamusungire malo. Anamuyankha kuti pamzere pali anthu ambiri, akapanda kufika tsiku lotsegulira aitana wina.

A Hedi atamva anabwera okha kunyumba, chinthu chimene anali asanachitepo. Anakhala pakhonde pafupi ndi makina anga, chipewa chili pabondo.

"A Belu, sindikukanizani. Ndingakanize bwanji munthu kukwera? Koma mphunzitsi wina sanditumizira pakati pa chaka, zimenezo mukuzidziwa. Ana anu ndidzangowagawira aliyense amene ali ndi mpata, lero uyu, mawa uyo. Malizani chaka chokhachi. Ndikupemphani ngati kholo."

Belu ananong'ona kuti chaka chamawa a ku koleji sadzamutenganso. A Hedi anapendeketsa khutu, Belu anabwereza, ndipo atamva anangopukusa mutu n'kumazunguza chipewa.

Mkamwini anali ndi njira yake. "Zonsezi n'zovutikiranji? Sukulu isiyeni, koleji isiyeni. Kushopu ndikufuna munthu wokhulupirika pakauntala. Kulibe kukuwa kumeneko, kasitomala amabwera yekha n'kuloza chimene akufuna. Madzulo tonse tili pakhomo, mwana ali ndi mayi ake. Zaka ziwiri, amake mwana! Mudzabwera mwanayu akukutchulani kuti anti."

Belu anayenda ndi zitatuzi m'mutu kwa masabata. Ndinkamuona akuchapa chovala chimodzi mpaka kuchitha mtundu. Kenako m'mawa wina anadzuka khosi likupweteka ngati wameza munga wa nsomba, ndipo ndinamukakamiza kuti tipite kuchipatala chachikulu, kwa dokotala wa makutu ndi pakhosi.

Dokotalayo anali mayi wachikulire, wosaseka. Analowetsa kachingwe kokhala ndi nyali, n'kumayang'ana pakanema. Anatiuza kuti m'kholingo muli timinofu tiwiri timene timagundana munthu akamayankhula, ndipo ta Belu tinali titamera timfundo, ngati timene timabwera pa ulusi ukaukoka molakwika.

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimaphunzitsa kalasi yoyamba," Belu ananong'ona.

"Nanga mukunong'oneranji?"

"Ndikusunga mawu, adokotala. Ndimayankhula m'kalasi mokha. Kwina konse ndimanong'ona."

"Kuyambira liti?"

Atamuuza, dokotala anavula magalasi n'kuwaika patebulo. "Aphunzitsi inu mudzandipha. Anakuuzani ndani? Kunong'ona kotereku kumafinya timinofuti kuposa kuyankhula. Masana mumatimenya ndi kukuwa, madzulo m'malo moti tipume mumatipotokola. Mukanangoyankhula bwinobwino kunyumba, motsitsa, si bwenzi tafika apa."

Ndinayang'ana mwana wanga. Sanalire. Ndikudziwa kuti sankaganiza za khosi, ankaganiza za miyezi yonse ija imene anamana mwana wake mawu, poyesa kuti akusunga.

Dokotala analamula kuti akhale chete kwa milungu ingapo, chete weniweni, osayankhula, osanong'ona, osayimba ngakhale chamumtima chotulukira m'mphuno. Anati akatero timfundo tingathe kuphwa. Koma anawonjezera kuti ngakhale titaphwa, akabwerera kukakuwa pamaso pa ana zana tidzameranso, ndipo tsiku lina mawu adzapita osabwerera.

A Masamu atamva anabwera akuthamanga, anagwada pakhomo. "Mnzanga, ndine ndakupha. Ndimenye ndi dasitala." Belu anamukoka kuti adzuke, n'kulemba pa kabolodi kakang'ono kamene ankayenda nako tsopano: Nawenso unauzidwa. Anakumbatirana, wina akulira mokweza, wina mwakachetechete.

Kabolodi kameneko kanakhala pakamwa pake. Mwamuna wake ankawerenga msanga n'kuyankha iye asanamalize kulemba, ndipo ankakangana choncho, wina ndi mawu, wina ndi choko. Ine ndinkawerenga mochedwa, magalasi ali pamphuno. Koma kamwana kaja kanali kasanadziwe kuwerenga. Kankayang'ana kabolodi, n'kuyang'ana mayi ake, n'kupita kukasewera panja.

Chovuta china chinali mpanda. Belu anapatsidwa masiku opuma, koma kalasi yake inali kuseri kwa mpanda womwewo, ndipo ankamva zonse. Ankamva mphunzitsi wa kalasi yachisanu akulowa, n'kulemba zilembo pabolodi, n'kulamula ana kuti akopere, n'kutuluka. Kenako phokoso, kulira, mabenchi a m'kalasi yoyandikana akugundidwa ndi ndodo kuti akhale chete. Ankayenda uku ndi uku pabwalo la nyumba ngati nkhuku yofuna poikira.

Sabata yachiwiri anakhala pansi n'kudula makatoni a kushopu kwa mwamuna wake. Analemba maphatikizo akuluakulu, lililonse pa khadi lake. Kenako anandilembera pa kabolodi: Amayi, mawa mukakhale pakamwa panga.

"Ine? Mano anga ndi awa atsala owerengekawa?"

Analemba: Ndikanyamula khadi, inu mukatchule. Basi.

Ndinavala diresi yanga yabwino n'kupita. Titalowa, ana anaimirira n'kupereka moni mwa nyimbo monga anazolowera, n'kudikira kuti aphunzitsi awo ayankhe. Belu anangomwetulira n'kuwakhazika pansi ndi manja. Ana anayang'anana. Fungo la m'kalasimo, la fumbi, thukuta la ana ndi makoko a zipatso, ndimalimvabe mpaka lero.

Belu ananyamula khadi loyamba. Ana anangoti duu. Ambiri ankalidziwa, ndikhulupirira, koma anali asanamvepo liwu lotsogola, ndiye pakamwa pawo sipankatseguka. Belu anandigwedezera mutu. Ndinati "sa". Koma ndi mano angawa chimene chinatuluka chinali pakati pa "sa" ndi "tha", ndipo ana a kutsogolo anabwereza ndendende mmene ndinatchulira, ndi kamluzu komwe. A pakati anabwereza zimene anamva kwa a kutsogolo. A kumbuyo sanamve kalikonse, anayamba kutsinana. Ndinayesanso mokweza, ndinatsamwa n'kuyamba kutsokomola, ndipo ana ena okhulupirika anatsokomolanso, poyesa kuti ndi mbali ya phunziro.

Tsiku lina ndikanaseka. Koma ndinaona nkhope ya Belu. Anali atayang'ana kamtsikana kena ka pakati, kamene kanali katatsegula pakamwa, chala chili m'mwamba kuloza khadi, milomo ikuyenda popanda mawu. Kanali pakhomo penipeni pa kutsekuka, kakungosowa woti akakankhe. Phokoso linkakula. Mitambo nayo inali itachita bii, ndipo madontho oyamba anayamba kugogoda malata.

Ndinamugwira mkono. "Mwanawe, usayerekeze. Wamva zimene ananena adokotala."

Anachotsa dzanja langa mwaulemu, anaika khadi patebulo, n'kukoka mpweya.

"Sa!"

Kalasi yonse inagwedezeka. "Saaa!"

"Se!"

"Seee!"

Mawu anali osasa, ong'ambika m'mphepete, koma anafika kukhoma la kumbuyo. Anaphunzitsa m'mawa wonse, mvula ikukhuthuka padenga, iye pamwamba pa mvulayo. Anawayimbitsa, anawadumphitsa, anawalumikizitsa maphatikizo. Kamtsikana kaja kanawerenga "sosa" kokha, kenako "sesa", n'kuyamba kuseka kosaleka. Ine ndinakhala pampando wa aphunzitsi manja ali m'mutu. Sindinayambe ndamuonapo akuphunzitsa bwino chotero, ndipo sindinayambe ndachitapo mantha chotero.

Itakwana nthawi yopuma anatembenuka kuti andiuze kanthu. Milomo inayenda, khosi linayenda, koma panangotuluka mpweya.

Titabwerera kuchipatala, dokotala sanatikalipire, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kukalipa. Anayang'ana pakanema nthawi yaitali n'kunena kuti kamtsempha kena kaphulika m'kati mwa kamnofu, ndipo pamene padzapole padzatsala chipsera. Anati mawu adzabwerera, koma asayembekezere akale aja. Za kalasi yoyamba anati tiiwale.

Pobwerera m'basi Belu anatsamira zenera osandiyang'ana. Titafika anakhala pakhonde, kabolodi kali pamiyendo, mpaka dzuwa kupendeka. Kenako analemba n'kunditembenuzira: Amayi, ndichite chiyani?

Ndinangomuuza zanga. Ndinati ine maso atayamba kuchita nkhungu ndinasiya kusoka masuti ndi madiresi a ukwati, amene ndinkadziwika nawo, n'kuyamba mayunifolomu, chifukwa msoko wake ndi wowongoka. Ndinati yunifolomu siikoma kusoka, koma phazi limakhalabe pa makina.

Analemba: Munazolowera?

"Ayi," ndinatero. "Koma ndikusokabe."

Mkamwini atabwera kuchokera kushopu anapeza nkhani ili pamenepo. Anakhala pa sitepe, manja akuda ndi girisi, n'kuyankhula mofatsa kuposa kale lonse.

"Amake mwana, sukulu yakudyani mawu. Mukufuna muipatsenso zaka ziwiri za mwana wathu? Mapanga awiri avumbwitsa. Khalani pakhomo. Ndikupangirani kauntala yanuyanu, ndi mpando wa khushoni. Mukafuna kuphunzitsa, muziphunzitsa makasitomala anga kuwerenga manambala a mabawuti, ambiri ndi mbuli."

Belu anamwetulira pang'ono, n'kulemba: Pakauntala ndidzafa ndili moyo.

"Nanga ku sekondale simukakuwako?"

Analemba: Ana ochepa. Aakulu. Amakhala pamadesiki.

"Ndiye mwasankha kale. Mukundifunsiranji?"

Anafufuta ndi chikhatho, analemba, anafufutanso. Choko chinathyoka. Pomaliza analemba mawu amene ndinawawerenga ndili kumbuyo kwake: Ndinkafuna kupita ndi miyendo yanga. Tsopano ndikupita chifukwa khosi landithamangitsa. Sindikusangalala. Koma ndisiyeni ndipite.

Mkamwini anawerenga n'kuyang'ana kumpanda. Kenako anati, "Amayi, mudzatha kumuluka tsitsi mwanayu? Ine ndikamugwira amalira." Ndinati ndidzatha. Anadzuka n'kukasamba m'manja.

Tsiku lomaliza la teremu Belu anapita kukatsanzika. Sankatha kuyankhula, ndiye a Hedi ndiwo anaima kutsogolo kwa kalasi n'kufotokoza kuti aphunzitsi akupita kusukulu ya akuluakulu. Ana sanamvetse kuti mphunzitsi angapitenso bwanji kusukulu. A Hedi anati, "Nenani kuti, muyende bwino aphunzitsi." Onse anabwereza mokondwa, mokoka, ngati phunziro lina lililonse, ndipo ena anawomba m'manja.

Pageti panali makolo odikira ana. Ambiri anamugwira dzanja n'kumufunira zabwino. Koma mayi wina wogulitsa makala, amene ana ake akuluakulu onse anadutsa m'manja mwa Belu, anaima patsogolo pake osapereka dzanja.

"Aphunzitsi, wachisanu uyu ndiye mwamusiya pakati pa mtsinje? Anzake munawawolotsa. Uyu walakwanji?"

Belu anafunafuna choko m'thumba, koma mayiyo sadziwa kuwerenga, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. Anangoima choncho maso ndi maso, mpaka mayiyo anakoka mwana wake n'kumapita.

Zaka ziwiri zija zinali zazitali. Mkamwini anaphunzira kuchapa masokosi a mwana ndi kusita yunifolomu, ngakhale ankawotcha makolala n'kumandibweretsera kuti ndibise. Kamwana kanayamba sukulu mayi ake ali kutali, ndipo kanatsekuka m'manja mwa mphunzitsi wina. Belu anamva pafoni, kakumuwerengera chikwangwani cha shopu ya bambo ake. Anakayamikira kwambiri, koma kamwanako katandipatsa ine foni ndinangomva kupuma kokha.

Ku koleji anakhoza bwino, ngakhale anali wamkulu kuposa anzake onse ndipo ankamutchula kuti anti. Ana a kalasi ija ena anawoloka, ena anabwereza chaka, ndipo Belu ankafunsa za aliyense ndi dzina lake akabwera pa tchuthi. Wa mayi wa makala uja anabwereza kawiri, kenako anasiya. Ndinayesa kumubisira, koma a Masamu sasunga nkhani.

Mawu anabwerera monga ananenera dokotala, otsika, okhakhala, ngati a munthu amene wangodzuka kumene. Akaseka kwambiri amaduka. Tsopano amaphunzitsa za malo ndi nyengo pasekondale ina ya kutsidya kwa msewu waukulu, amavala jekete, ndipo anthu amati ana ake amakhoza mayeso. Woyendera sukulu uja akakumana naye amamupatsa moni wa anthu ofanana.

Mwezi wathawu Belu anabwera kuchokera kuntchito ine ndili pakhonde, ndikulimbana ndi ulusi umene unkakana kulowa pa singano. Anandilanda n'kulowetsa, n'kukhala pa sitepe, nsapato atavula. Ndinamufunsa ngati ana akumuvutitsa.

"Ayi, amayi. Ndi ana abwino. Ndikayamba kuyankhula amakhala chete kuti amve, mwina amandimvera chisoni."

"Ndiye vuto n'chiyani? Nkhope yagweranji?"

Anapukuta choko cha m'zala pa siketi yake, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Ana aakulu sabwereza, amayi. Ndimanena chinthu, iwo n'kuweramitsa mitu, n'kulemba. Ndimaima pamenepo kudikira, osadziwa chimene ndikudikira. Kenako ndimanena china."